Mmene Msaki wa Chuma Angadwalire Osataya Munda

Ku England kuli gulu la anthu, ambiri mwa iwo azibambo a imvi, amene Loweruka amalawirira m'mbandakucha, kuvala mahedifoni, n'kupita kukazungulira m'minda ya eni atanyamula makina osakira zitsulo zokwiririka pansi. Dzanja limangopita uku ndi uku ngati la wotchetcha udzu pabwalo la sukulu. Makina akalira, munthu amagwada, kukumba, kutulutsa kamphete kotsegulira chitini cha mowa, kudzuka, kuyenda mapazi asanu, kugwadanso. Tsiku lonse. Thupi limasunga ngongole zonsezi. Chigongono chimatupa, phewa limauma, msana umayamba kukana, ndipo tsiku lina bondo limangoti pano ndiye ndafika. Malangizo awa ndi a munthu wotero, amene dokotala wamulamula kuti akhale pansi miyezi ingapo.

Asankhe bwino nthawi yovulalira. Wochenjera amavulala mu Juni, tirigu ndi barele zili chilili m'munda, pomwe mlimi sangalole phazi la munthu kupondamo. Kuvulala mu Ogasiti n'kusaganiza. Imeneyo ndi nthawi yokolola, ndipo kuchokera pamenepo mpaka cha mu Okutobala mathirakitala amatembenuza nthaka n'kukweza pamwamba zinthu zimene zagona pansi zaka mazanamazana, mlimi asanafesenso. Wovulala nyengo imeneyi akonzeke kulandira pafoni chithunzi cha kandalama kasiliva ka Mfumu Edward I kali pachikhatho chamatope cha mnzake, pansi pake pali mawu omufunira kuchira msanga.

Mankhwala opha ululu akhoza kuchedwa, koma foni yopita kwa mlimi isachedwe. Ku England kulibe munda wopanda mwini, ndipo kusaka popanda chilolezo n'kuphwanya lamulo. Chilolezocho chimapezeka movutikira: kugogoda pamakomo, kukanidwa, kupereka botolo la vinyo pa Khirisimasi, kulonjeza kuti chilichonse chamtengo chidzagawidwa pakati. Chuma chenicheni cha msaki ndi chimenechi, osati mabatani ali m'zitini kugalaja. Ndiye anzake a kukalabu akabwera kudzamuzonda atanyamula mphesa, achenjere. Ayamba n'kufunsa za bondo, kenako za mayi a kunyumba, kenako, ngati zongodutsa, afunsa kuti munda wa kuseri kwa tchalitchi uja akuuyang'anira ndani masiku ano. Wodwala ayankhe mofooka kuti mlimi wake ndi wolusa, ali ndi agalu atatu, ndipo m'mundamo muli misomali yokhayokha. Asaone ngati wachita nkhanza. Mu Julaye 2009 Terry Herbert anapeza golide wolemera makilogalamu oposa 5 m'munda wa Fred Johnson pafupi ndi Hammerwich ku Staffordshire. Awiriwo anagawana mapaundi 3.285 miliyoni, kenako anadana mpaka nkhani yawo inafika m'manyuzipepala. Ngati ubwenzi unalephera kupirira golide wopezeka, sungapirire munda wosiyidwa wopanda mlonda.

Makinawo asalowe kuchipinda chogona. Mbiri inachenjeza kale. Mu 1881 Pulezidenti James Garfield wa ku America atawomberedwa, Alexander Graham Bell, yemwe uja wa telefoni, anabwera ndi chipangizo chake chosakira chitsulo kuti apeze chipolopolo m'thupi la wodwalayo. Chipangizocho chinangosokonezeka. Bedi la pulezidenti linali ndi masipuling'i achitsulo, ndipo dokotala wamkulu, Willard Bliss, analola kuti asake mbali ya kumanja yokha, pomwe chipolopolo chinali kumanzere. Garfield anamwalira mu Seputembala chaka chomwecho.

Komabe aliyense amene amawadziwa anthu amenewa akudziwa kuti chenjezoli lipita pachabe. Msaki amene wamuika bondo lachitsulo adzadikira kuti mkazi wake apite kukagula zinthu, adzakwawa mpaka kugalaja, n'kudutsitsa makina pamwendo wake. Adzamva kulira kokoma, kolimba, kumene wakhala akukufuna m'matope zaka 20. Apa langizo ndi lalifupi: asakumbe. Asavutikenso n'kukanena kuboma. Lamulo la Treasure Act la 1996 limafuna kuti wopeza chuma adziwitse mkulu wotchedwa coroner pasanathe masiku 14, koma kwenikweni limakamba za zinthu zopitirira zaka 300 zokhala ndi golide kapena siliva wosachepera magawo 10 pa 100 alionse. Bambo wa zaka 63 wokhala ndi cobalt, chromium ndi titanium m'bondo sakukwanira mbali zonse ziwiri.

Lamuloli si loseweretsa. George Powell ndi Layton Davies anapeza ndalama ndi zokongoletsera za nthawi ya ma Viking pafupi ndi Leominster mu 2015, anabisa n'kuyamba kugulitsa mwakachetechete, ndipo mu 2019 khoti linawatumiza kundende zaka zingapo aliyense. Choncho wodwala agwiritse ntchito masabata a pampandowa kukhuthula zitini zonse, n'kutumiza zoyenera kwa ofesala wa m'dera lake wa Portable Antiquities Scheme, ndondomeko imene inayamba mu 1997 ndipo yalemba kale zinthu zoposa miliyoni imodzi ndi theka zopezedwa ndi anthu wamba. Chimene asachite ndi kutsuka. Munthu wosowa chochita, ali ndi viniga, bulashi yawaya ndi ndalama ya Aroma, amatha kufafaniza nkhope ya mfumu imene inapirira zaka 1,700 m'nthaka, tiyi asanazizire.

Tsopano mafizo, pomwe pagona nkhani yonse. Anthu amenewa amadzitama kuti ndi odekha kuposa wina aliyense. Amatha kuyenda maola asanu ndi limodzi pamvula n'kubwerako ndi batani limodzi ndi chitsulo cha kuphazi kwa kavalo, akumwetulira. Koma wa mafizo akangoti apinde bondo kakhumi, katatu patsiku, kudekha konse kuja kumasowa. Akuti n'zotopetsa. Akuti sakuona phindu lake. Munthu amene wakumba maenje zikwizikwi opanda kanthu akudandaula za ntchito yosaonetsa phindu msanga! A pabanja asalimbane naye. Angomuuza kuti pansi pa sofa pagwera ndalama yooneka yakale, ndipo bondo lipinda lokha kufika pamene wa mafizo wakhala akupempha. Anamwino ndi osamalira odwala ochokera ku Malawi amene akugwira ntchito ku Britain akakumana ndi wodwala wotereyu, angathe kugwiritsa ntchito njira yomweyi. Chokhacho, asamufunse ngati anapezapo golide, pokhapokha ngati shifiti yawo yatha, chifukwa yankho lake ndi ayi, koma limatenga maola awiri.

Zowerenga azisankhe mosamala. Nkhani ya ku Hoxne imakweza BP. Mu Novembala 1992 Eric Lawes, bambo wopuma pantchito, anapita kumunda ku Suffolk kukathandiza mnzake kusaka hamala imene inatayika. M'malo mwake anapeza ndalama za Aroma 14,865, masipuni asiliva ndi zibangili zagolide, zonse za mtengo wa mapaundi 1.75 miliyoni. Hamalayo inapezekanso pambuyo pake, ndipo ili ku British Museum. Wodwala akawerenga zimenezi amayamba kuyang'ana ndodo zake zoyendera ndi maso oipa. Yoyenera ndi ya Dave Crisp, amene mu Epulo 2010 anapeza mphika waukulu pafupi ndi Frome ku Somerset, n'kuukwiriranso, kupita kwawo, kukadikira akatswiri ofukula zakale. Munali ndalama 52,503 zolemera pafupifupi makilogalamu 160. Akanati aunyamule yekha, akanawononga mbiri yonse ya mphikawo pamodzi ndi msana wake. Zikavuta, aonere sewero la BBC lotchedwa Detectorists, momwe Mackenzie Crook ndi Toby Jones amakhalira kufukula zinyalala, chifukwa limatonthoza.

Mapu ndi abwino, koma pang'ono. National Library of Scotland inaika pa intaneti mapu akale a Britain, ndipo zithunzi za LiDAR zimaonetsa mizere ya minda ndi misewu imene inafafanizika kalekale. Pofika sabata yachitatu wodwala amakhala atapeza midzi ya Aroma khumi ndi iwiri ali chigonere. Afufuze kaye, chifukwa ena mwa malowo ndi otetezedwa ndi lamulo la 1979, ndipo kusakapo popanda chilolezo cha boma ndi mlandu. Alipo akuba amene amapitako usiku, koma ntchito imeneyo imafuna munthu wotha kulumpha mpanda.

Foni nayo aichenjerere. Usiku ululu ukamulanda tulo, adzayamba kuona makina atsopano a Minelab, Garrett ndi XP, ena opepuka osafika kilogalamu imodzi, ndipo adzatsimikiza mumtima kuti chinamuvulaza ndi kulemera kwa makina akale. Akagula, auze mkazi wake kuti ndi dokotala analamula. Asatchule kuti manyuzipepala analemba zoti makina a Terry Herbert anali akale, ogula mapaundi awiri ndi theka pamsika wa katundu wogwiritsidwa kale ntchito.

Tsiku lobwerera kumunda likafika, ola limodzi ndi lokwanira. Asankhe dothi lofewa, asinthanitse manja, amange zotetezera mawondo, ndipo makina aziwatalikitsa ku mwendo wachitsulo uja, apo ayi akhala akukumba maenje mozungulira phazi lake mpaka madzulo. Kugwada kumavutabe kwa ambiri ngakhale bondo litapola, ndiye atenge mdzukulu woti azikumba. Koma amvane za magawo asanatsike m'galimoto, ndipo alembe papepala. Mphotho ya chuma imagawidwa pakati pa wopeza ndi mwini munda, ndipo mwana wa zaka 12 amene wagwira golide ndi dzanja lake sangavomere msanga kuti wopeza ndi agogo, amene anangoima poteropo n'kuloza ndi ndodo.