Agogo Aulesi a ku Jack Hills

Akhama atamandidwa mokwanira. Golide ali ndi alonda ake, dayamondi amaitanidwa ku maukwati. Lero mundilole ndiwombere m'manja kamchenga ka ku Jack Hills, kumadzulo kwa Australia, komwe kangokhala phee kwa zaka 4.4 biliyoni osagwirako ntchito ina iliyonse.

Dzina lake ndi zircon, koma wamkulu satchulidwa dzina, choncho tiziti agogo. Msinkhu wawo sufika theka la milimita. Atagwera m'lichero, mayi wopeta mpunga sangavutike n'kuwatola. Adawapeza m'dera louma loweta nkhosa, atakanirira m'mwala pakati pa timiyala ta mumtsinje wakalekale.

Ukulu wawo woyamba ndi tsankho. Pomwe ankaumbika m'chiphalaphala cha miyala yosungunuka, adalola yureniyamu kulowa m'thupi mwawo, mtovu n'kuukaniza. Atatero adatseka chitseko, osatsegulanso. Tsono yureniyamu ali ndi khalidwe losanduka mtovu pang'onopang'ono: kuti theka la yureniyamu-238 lisanduke, pamapita zaka 4.47 biliyoni. Ndiye kuti mtovu womwe uli mwa agogo lero ndi mbadwa ya m'nyumbamo, ndipo ukauwerenga n'kuyerekeza ndi yureniyamu wotsala, zaka zawo zatuluka. Akadakhala ochezeka, olandira mlendo aliyense, bwenzi chiwerengerocho chitasokonekera kalekale.

Simon Wilde ndi anzake adalengeza mu 2001 kuti kamodzi mwa timchengati kali ndi zaka 4,404 miliyoni. Okayika adati mwina mtovu udayendayenda m'katimo n'kunamiza makina. Mu 2014 gulu la John Valley, wa ku yunivesite ya Wisconsin, lidafufuza maatomu amodziamodzi m'kamchenga kena ka komweko, n'kupeza zaka 4,374 miliyoni. Mtovu udali utangosendera pang'ono n'kuunjikana pafupi pomwe udabadwira. Ulesi wa agogo ndi wopatsirana.

Taonani zomwe zidagwera otakataka. Dziko lenilenili silikhazikika: limasungunula miyala yake, kuikwirira, kuiphwanya ndi mvula, kuiumbanso. N'chifukwa chake pansi pa nyanja zikuluzikulu miyala yambiri siposa zaka 200 miliyoni. Mwala womwe udabala agogo udatha, mitsinje idawakokolola, ndipo mwala womwe akusungidwamo panowu ndi mwana, wa zaka pafupifupi 3 biliyoni zokha. Thanthwe la Acasta ku Canada limadzitama kuti ndi nkhalakale ya zaka 4.03 biliyoni. Zoonadi, koma zakazo adazidziwa bwanji? Adafunsa timazircon ta m'mimba mwake.

Anthu nawo adakhetsa thukuta. Bishopu James Ussher adawonkhetsa mibadwo ya m'Baibulo, ndipo mu 1650 adati dziko lidalengedwa mu 4004 Khristu asanabadwe. Lord Kelvin adawerengera nthawi yomwe dziko lamoto lingatenge kuti lizizire, n'kukhazikika pa zaka 20 mpaka 40 miliyoni. Agogo adali pompo nthawi yonseyo, yankho lili m'mimba, koma sadatsutse munthu. Ena angati n'kudzikonda. Ine ndikuti ndi ulemu: wamkulu salowerera mkangano wa ana. Clair Patterson ndiye adapeza kuti dziko lili ndi zaka 4.55 biliyoni mu 1956, ndipo adachita kukapempha umboni kwa miyala yogwa kuchokera kumwamba, monga uja wa ku Canyon Diablo ku Arizona, poti dziko lidawotcha ziphaso zake zobadwira. Pa zonse zomwe zidaumbika pansi pano n'kupezeka, palibe chayandikira chiwerengero chimenecho kuposa agogo.

Miseche saikonda, koma kamodzi kokha adaulula chinsinsi. Akatswiri ankaganiza kuti zaka zoyambirira za dziko zidali moto wokhawokha. Okosijeni wa m'thupi mwa agogo akusonyeza kuti chiphalaphala chomwe chidawabala chidachokera ku miyala yomwe idakhudzanapo ndi madzi. Madzi, pa nthawi yomwe tinkati dziko lonse ndi ng'anjo! Ngakhale apa sadayankhule okha. Adachita kuwapanikiza ndi makina okwera mtengo.

Mu Epulo 2005, ku Madison, ku Wisconsin kuja, adawaonetsa kwa anthu tsiku limodzi. Padali apolisi owalondera, mzere wa anthu osuzumira pa maikulosikopu, ndi gulu la jazi la ku New York lomwe lidabwera kudzawaimbira. Agogo sadavine.

Adzukulu awo, mazircon a m'mchenga wa m'mphepete mwa nyanja, adavomera kulembedwa ntchito. Amakumbidwa matani ankhaninkhani chaka chilichonse ku Australia komweko ndi ku South Africa, amagayidwa kukhala ufa, kenaka amapakidwa pa matailosi, masinki ndi zimbudzi zamadzi kuti ziziyera mbee.