Ulemu upite kwa ndalama yotumizira

Aliyense wofotokoza mbiri ya eBay amayamba ndi katochi kakufa. Mu 1995, Pierre Omidyar atangotsegula tsamba lake la okushoni ku California, lomwe panthawiyo linkatchedwa AuctionWeb, munthu wina anagula kwa iye katochi ka laser kolozera zinthu, kowonongeka kale, pa madola 14.83. Nambala imeneyi inalowa m'mabuku ndipo imatchulidwa mpaka lero. Koma katochiko sikanamere mapiko. Panafunika chokulungira, panafunika sitampa, ndipo wina anapisa m'thumba. Za ndalama imeneyo olemba mbiri ali duu. Tsankho linayamba tsiku lomwelo: ulemu wonse kwa mtengo wa katundu, pamene ndalama yotumizira ndi kulongedza, yomwe imasenza ntchito yonse, imangolandira matemberero.

Yakwana nthawi yoti nayonso aiombere m'manja.

Khalidwe lake loyamba ndi kudzichepetsa. Mtengo wa katundu amaulemba pamwamba ndi zilembo zonenepa, zakuda bii, kuti ngakhale woiwala magalasi auone. Ndalama yotumizira imakhala m'munsi, m'tizilembo totuwa, ndipo pena imadikira mpaka munthu alembe kaye kumene amakhala. Silowa nawo mpikisano. M'masekondi omaliza a okushoni, wina waika madola 18, mnzake wakwezera pa 18.50, mtima uli phaphapha, chala chikunjenjemera pa foni, iyo yangokhala phee, osakwera, osatsika. Wopambana akamaliza kudzitama kwa akunyumba kuti nsapato wazipeza motchipa, m'pamene imakhosomola pang'ono n'kudzidziwitsa mwaulemu: madola 12 enanso. Ndi nzeru ya kondakitala wa minibasi, amene satchula za thumba la chimanga pokwera, koma galimoto ikafika pakati pa ulendo amakumbukira kuti thumbalo ladya mpando wa munthu.

Kwa nthawi yaitali akatswiri a zachuma ankaiyesa chinthu chopanda mphamvu. Mabuku awo ankati munthu wamutu wake amaphatikiza zonse asanagule, choncho madola 10 ndi madola 10 basi, kaya alembedwa pamodzi kaya agawidwa pawiri. Ndalama yotumizira sinatsutsane nawo. Inadikira kuti adzaone okha.

Anadzaonadi. Tanjim Hossain ndi John Morgan anagulitsa pa eBay ma CD a nyimbo ndi magemu a Xbox awiriawiri ofanana ndendende. Chimodzi ankachiyambitsa pa madola 4, kutumiza kwaulere. Chinzake ankachiyambitsa pa senti imodzi, koma yotumizira madola 3.99. Mwana wa Sitandade 3 angathe kuona kuti poyambira m'pamodzi. Komabe zotsatira zomwe anasindikiza mu 2006 zinaonetsa kuti katundu wa senti imodzi uja ankakopa anthu ambiri opikisana ndipo ankabweretsa ndalama zambiri, bola yotumizirayo isachite kunyanya. Ogula ankalimbirana nambala ya pamwamba ngati kuti ya pansiyo adzalipira ndi munthu wina. Mu 2010 awiriwa, pamodzi ndi Jennifer Brown, anasindikiza za kafukufuku wina wa ma iPod omwe anagulitsa pa maokushoni a ku Taiwan ndi ku Ireland, ndipo anapeza kuti yotumizira ikakhala yobisika, kuikweza kumaonjezera phindu la wogulitsa.

Chokoma koposa ndi chimene Young Han Lee ndi Ulrike Malmendier anapeza atatsata pa eBay malonda a masewero a patebulo otchedwa Cashflow 101, omwe cholinga chake, taonani, ndi kuphunzitsa anthu kusamala ndalama. Masewero omwewo ankapezeka pa tsamba lomwelo, nthawi yomweyo, pa mtengo wokhazikika wongodina n'kugula. Komabe pa maokushoni 100 alionse, 42 ankathera pa mtengo woposa wokhazikikawo. Ataphatikizapo yotumizira, nambala inakwera kufika pa 73. Pakati pa 42 ndi 73 m'pamene pali munda wa mfumu yathuyi, ndalama yotumizira, ndipo imaulima popanda khasu.

Ukaipa, dziwa nyimbo. Ndalama yotumizira palibe amene amaikonda, koma nyimbo imaidziwa.

Zaka zake zaulemerero zinali chaka cha 2011 chisanafike. Masiku amenewo eBay inkadula komishoni yake pa mtengo womaliza wa katundu wokha, osakhudza ya positi. Ogulitsa ochenjera sanachedwe kuona khomo lotseguka. Tinene kuti munthu ali ndi chinthu cha madola 30. Mu 2010 komishoni ya okushoni wamba ku America inali 9 pa 100 alionse, kutanthauza madola 2.70. Koma akachigulitsa pa dola imodzi n'kulemba yotumizira madola 29, m'thumba mwake munkalowa 30 yomweyo, eBay n'kutsala ndi masenti 9. Wogula akadandaula n'kubweza katundu, ogulitsa ena ankabweza mtengo wa katundu wokha, ndiye kuti dola imodzi ija, n'kuthokoza chifukwa chochita nawo malonda. Ndani wina m'dziko la malonda anatetezapo munthu wamng'ono kwa kampani yaikulu mokhulupirika chonchi? Zoti pomuteteza inkaponda wogula, imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Eni tsamba anayesa njira zambiri. Anaika lamulo loletsa yotumizira yopyola muyeso. Anapatsa ogula mwayi wopereka nyenyezi, kuyambira imodzi mpaka zisanu, pa nkhani ya yotumizira payokha, mosiyana ndi nyenyezi za katundu. Mu 2008 anaika malire a ndalama yomwe wogulitsa mabuku, ma DVD ndi magemu angatchule. Zonsezi zitalephera kuigwetsa, mu 2011 anachita chimene mafumu amachita ndi mdani wosagonja: anapalana naye ubwenzi. Komishoni inayamba kudulidwa pa ndalama yonse, ya katundu ndi yotumizira yomwe. Kuyambira pamenepo ngakhale wogulitsa woona mtima, amene amatchula ndalama yeniyeni ya sitampa n'kukaisiya yonse ku positi ofesi, amalipira komishoni pa ndalama yomwe sinagone m'thumba mwake. Kuti asaluze, amakweza yotumizira pang'ono. Lamulo lobwera kudzaichepetsa linainenepetsa.

Tsono pali mng'ono wake, ndalama yolongedzera, amene amanyozedwa kuposa mkulu wake chifukwa alibe lisiti. Ya positi munthu angathe kuiona pa sitampa. Ya kulongedza umboni wake uli pa tebulo la m'nyumba ya wogulitsa usiku, ana atagona. Pali katoni yopempha ku golosale, yomwe iyenera kudulidwa kuti ichepe. Pali selotepi yomwe nsonga yake yasowa, munthu akuifufuza ndi chikhadabo kuzungulira mpukutu wonse. Pali nyuzipepala zakale zofinyafinya, pulasitiki wa timatumba ta mpweya, sikelo ya kukhitchini yomwe ikusonyeza kuti phukusi lapyola malire ndi magalamu ochepa, moti liyenera kumasulidwanso kuti achotsemo pepala limodzi. M'mawa pali mafuta a galimoto ndi mzere wa ku positi. Kapu yadothi ikafika itasweka, wolakwa ndi iyeyo. Apa nthabwala ikhoza kupuma pang'ono, chifukwa ntchitoyi ndi yeniyeni, ndipo ogulitsa atsopano ambiri amaphunzira mochedwa kuti anagulitsa chinthu pa mtengo wabwino koma phindu lonse linathera pa kauntala ya positi. Vuto n'lakuti dzina lomwelo limafunditsa thukuta la woona mtima ndi dyera la wakuba, ndipo wogula ali kutali sangasiyanitse.

Luso lina la ndalama yotumizira ndi logulitsa mpweya. Makampani onyamula maphukusi pa ndege sayang'ana sikelo yokha, amayezanso malo omwe katoni yadya. Ku DHL, mwachitsanzo, amachulukitsa utali, mulifupi ndi msinkhu wa katoni m'masentimita, n'kugawa ndi 5,000. Katoni ya masentimita 50, 40 ndi 30 imatuluka makilogalamu 12. Mukhale pilo wa makilogalamu awiri, mukhale zipewa, wolipira alipira 12, chifukwa amatenga nambala yaikulu pa ziwirizo. Makilogalamu 10 enawo ndi mpweya wa m'nyumba ya wogulitsa, womwe wakwera ndege ndi tikiti yakeyake.

Adani ake anabwera ndi chida chomwe ankayesa kuti ndi chomaliza: kutumiza kwaulere. Amazon inayambitsa Prime mu 2005, pa madola 79 pa chaka, ndipo ogula anazolowera kuona ziro pa mzere wa m'munsi uja. Nayo eBay inayamba kukondera ogulitsa otumiza mwaulere, mpaka kumawapatsa nyenyezi zisanu pa mbali imeneyi wogula asananene kanthu. Anthu anati mfumu yafa. Koma woyendetsa lole sanasiye kulandira malipiro, ndipo ndege sinayambe kumwa madzi. Ndalama yotumizira inangosamuka m'munsi n'kukalowa m'mimba mwa mtengo wa katundu, kumene ikukhala mwamtendere kuposa kale, popeza tsopano palibe woitukwana. Kumeneko yapezanso mwayi wina. Kale munthu wogula zinthu zitatu kwa wogulitsa mmodzi ankapempha kuti aziike m'katoni imodzi, yotumizira ichepe. Pa zaulere palibe chochepetsa, ndipo amailipira katatu akumwetulira.

Inafika mpaka pokanganitsa maboma. Bungwe la Universal Postal Union, lomwe linakhazikitsidwa ku Bern mu 1874, ndi lomwe limakonza ndalama zimene positi ya dziko lina imalipira inzake chifukwa chofikitsa makalata ndi timaphukusi kwa eni ake. Kwa zaka zambiri China inkawerengedwa m'gulu la maiko osauka, choncho inkalipira zochepa. Zotsatira zake, chingwe chotchajira foni chinkachoka ku Shenzhen kukafika pakhomo la munthu ku America pa mtengo wotsika kuposa umene wogulitsa wa ku America komweko ankalipira potumiza chinthu chofanana m'dziko lake lomwe. Mu Okutobala 2018 boma la Donald Trump linalengeza kuti lituluka m'bungweli. Mu Seputembala 2019 maiko anakumana ku Geneva pa msonkhano wapadera n'kuvomera kuti America iyambe kudziikira mitengo yake kuyambira mu Julaye 2020. Mtengo wa katundu, ndi zilembo zake zonenepa zija, sunaitanitsepo msonkhano wa maiko.

Kwathu kuno ukulu wake sufuna womasulira. Aliyense amene anaitanitsapo galimoto ya ku Japan pa intaneti, zambiri mwa galimoto zotere zochokera m'maokushoni akuluakulu a kumeneko, amadziwa kuti nambala yokongola ya pansi pa chithunzi ndi ya FOB, mtengo wa galimoto itangokwezedwa m'sitima ku doko la ku Japan. Akasankha doko la Dar es Salaam, nambala ina imatulukira, ndipo pa timagalimoto totchipa ya sitima imatha kufanana ndi mtengo wa galimoto kapena kuuposa. Pamenepo ulendo sunathe. Pali za padoko, pali ejenti wotulutsa katundu, pali dalaivala ndi mafuta mpaka pa chipata cha Songwe, ndipo kumeneko a MRA akudikira. Dziko lopanda nyanja limalemekeza ndalama yotumizira mokakamizidwa, koma ulemu ndi ulemu. Ngakhale amayi ogulitsa kaunjika pa Facebook ndi pa WhatsApp anaphunzira mwambo wake: diresi mtengo wake ndi uwu, koma ya kabaza kapena ya basi ndi yanu.

Umboni wotsiriza wa ufumu wake uli ku France, kumene boma linafika poiteteza ndi lamulo. Dzikolo lili ndi lamulo la mu 1981 loti buku latsopano ligulitsidwe pa mtengo umodzi paliponse, pofuna kuti timasitolo ta mabuku tisamezedwe ndi zimphona. Ogulitsa pa intaneti atayamba kutumiza mabuku mwaulere, aphungu anaona kuti mpikisano wasamukira pa mzere wa m'munsi, ndipo mu 2014 analetsa kutumiza mabuku kwaulere. Amazon inamvera lamulo n'kuika yotumizira pa senti imodzi. Aphungu anabwereranso m'nyumba ya malamulo, ndipo kuyambira mu Okutobala 2023 wogula mabuku atsopano osakwana mayuro 35 amalipira yotumizira yosachepera mayuro atatu. Akafika pa mayuro 35 kapena kupyola, wogulitsa amaloledwa kuitsitsa mpaka pa senti imodzi, koma osafika pa ziro.