Dzimbiri Lilandire Ulemu Wake

Pa onse amene amagwira ntchito pa galimoto yakale, palibe wakhama ngati dzimbiri. Silipita kutchuthi, silifunsa ya fanta, ndipo mwini wake wa Peugeot 504, ija inayamba kupangidwa mu 1968, akagona tulo, lokha limachezera m'thanki ya petulo.

Ndi laulemunso, siliyambira poonekera. Galimoto ikakhalitsa ndi mafuta ochepa, chinyontho chimasanduka timadontho m'kati mwa thanki. Poti madzi amalemera kuposa petulo, amatsikira pansi, ndipo dzimbiri limayambira pomwepo. Ku Malawi linapeza mnzake, chifukwa kuyambira 1982 petulo amasakanizidwa ndi ethanol wa ku Dwangwa, yemwe amakoka chinyontho. Likamagwira ntchito silibisa: limatumiza tizinyenyeswa ku kabuleta, injini nkumatsokomola pachitunda, kuti mwini wake adziwiretu.

Koma ukulu wake umaoneka thanki ikabooka nkufika kwa wowotcherera. Bambo amene amawotcherera geti akucheza ndi anzake amayamba kuyankhula motsitsa. Amadziwa kuti thanki yopanda mafuta ndi yoopsa kuposa yodzadza, chifukwa mpweya wa petulo ndi umene umaphulika, ndipo ukangokwana magawo awiri pa 100 alionse a mpweya wa m'katimo, kamoto kamodzi kakwanira. Choncho amaichotsa pagalimoto, nkuitsuka ndi madzi otentha ndi sopo kangapo konse, kenako nkuidzaza madzi mpaka pafupi ndi bowo, kapena kupoperamo argon. Ena amangoinunkhiza nkunena kuti yayera, osadziwa kuti zotsalira m'misoko zimatulutsanso mpweya chitsulo chikatentha. Amenewo anzawo amawaonerera ali patali ndithu.

Kabowo kanali ngati ka singano. Moto ukangokhudza, chitsulo chimene dzimbiri lachipepula kwa zaka makumi anayi chimasungunuka, bowo nkukula mpaka chala kulowa. Mmisiri amadula mpaka apeze chitsulo chamoyo, amasema chigamba, nkumawotcherera pang'onopang'ono, apa kadontho, apo kadontho, akudikira kuti pazizire. Ndi mphunzitsi uti angaphunzitse munthu wamkulu kuleza mtima chonchi, popanda fizi?

Akamaliza amapopera mpweya pang'ono m'thanki nkupaka madzi a sopo kunja. Pachigamba pali zii. Thovu likutukuka cha kumbali, pamalo pamene palibe anaganizirapo.