Ulemu kwa Chitedze

Anthu a ku Lusaka akatopa ndi phokoso la m'tauni amatsika ndi msewu wa Great East kukaona tchire la ku Chongwe nthawi ya dzinja, mitengo ya mombo itavala masamba, mitsinje ya Chalimbana ndi Chongwe itadzaza. Pobwerako amatama mbalame, bowa ndi mapiri. Chitedze satama n'komwe, chonsecho pa zomera zonse za m'tchiremo ndi chokhacho chimene chimaphunzitsa munthu kupenya.

Taonani kayendedwe ka munthu amene sanakumanepo nacho: maso ali pa foni, phazi likuponda paliponse, dzanja likugwira chilichonse cholendewera. Kwa iye tchire lonse ndi masamba basi. Ndiye mvula ikamatsazika, cha mu Malichi ndi Epulo, maluwa ake oderako atasanduka zitheba zopindika zaubweya wonyezimira, angokhudzako pang'ono, kapena kamphepo kamuwazire ubweyawo m'khosi. Timinga timeneti tili ndi mankhwala otchedwa mucunain, ndipo tikalowa pakhungu, kukanda kumangokolezera moto. Ulemu wonse umathera pomwepo: malaya kuvula pagulu, matope kudzipaka thupi lonse. Koma kuyambira tsiku limenelo munthuyo ndi katswiri. Amadziwa kuti masamba a chitedze amakhala atatuatatu paphesi limodzi, amayamba wayang'ana m'mwamba asanalowe pansi pa mtengo, amaponda mosamala. Ndipo diso losakasaka chitedze ndi lomwelo limaona mapazi a gwape m'matope, bowa wa tente atatumphuka patsinde pa mombo, ndi njoka imene ikanapondedwa. Zimene mphunzitsi wa pa Chalimbana University angavutike nazo teremu yathunthu, chitedze chimazimaliza m'kanthawi kochepa, fizi osalipira.

Ena anena kuti mphunzitsi wotere ndi wankhanza. Wankhanza poyerekeza ndi ndani? Mamba amaphunzitsa kamodzi, wophunzirayo osapezanso mpata wogwiritsa ntchito phunzirolo. Chitedze chimakusiya wamoyo, wathunthu, ndi nkhani yoseketsa anzako kunyumba. Komanso sichiona nkhope. Nduna, wotentha malasha, mlendo wa kamera yodula, onse amavina gule mmodzi.

Chotsutsa cholemera ndi china. Ngati chitedze chimachititsa anthu kulemekeza tchire, nanga bwanji tchire la Chongwe likutha? Matumba a malasha akupitabe ku Lusaka pa njinga ndi pa malole. Mu 2017 mbali ina ya Forest 27, nkhalango imene mtsinje wa Chalimbana umayambirako, inachotsedwa pa mndandanda wa malo otetezedwa, nyumba n'kuyamba kumera pamene panali mitengo. Chitedze chinali kuti? Funsolo ndi lomveka, koma mlandu ukugwera wosalakwa. Nkhalango imaonongedwa kawiri, koyamba ndi cholembera, kenako ndi nkhwangwa, ndipo cholembera chimagwira ntchito mu ofesi yotseka mawindo, kumene ubweya uja sungafike. Kumene chitedze chimafika, ntchito yake chimaigwira. Mitengo ikadulidwa, munda n'kuguga, mwini wake n'kuusiya, icho chimabwera n'kuyanga pamabalapo. Poti ndi cha mtundu wa nyemba, mizu yake imabwezera nayitirojeni m'nthaka. Alimi amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake amadzala kalongonda, mbale wake wofatsa wopanda ukali, pofuna kudzutsa nthaka yotopa. Wofatsayo amadzalidwa m'mizere n'kupaliridwa, pamene wakuthengo, wogwira ntchito yomweyo popanda womutuma, amalandira matemberero. Ngakhale njere zake sizachabe: muli L-dopa, mankhwala amene madokotala amapatsa odwala matenda onjenjemera a Parkinson. Ndi angati mwa maluwa okongola a pakhomo angadzitame chonchi?

Ku Malawi anazindikira msanga. Malo ofufuzira za ulimi pafupi ndi Lilongwe dzina lake ndi Chitedze. Ku Chongwe kuno sitikupempha chikwangwani ayi. Tikupempha kalamulo kamodzi kokha: aliyense wofuna kusaina pepala logawa malo a nkhalango ayambe waayendera malowo wapansi, mwezi wa Epulo, dzuwa lili paliwombo, atavala kabudula ndi malaya a mikono yaifupi. Cholembera adzachipeza pobwera, ngati manja adzakhale ndi mpata wochigwira.