Ulemu kwa Atsekwe a Maso Ofiirira

Akuluakulu a ku Kabwe akamatchula zonyaditsa tauni yawo amayamba ndi mgodi wa mtovu womwe unatsekedwa mu 1994, kenako njanji, kenako Mulungushi Rock. Palibe amene amakumbukira atsekwe a ku Egypt, mfumu ya m'madambo a Lukanga kumadzulo kwa tauniyi ndi pa damu la Mulungushi. Lero tiwombe m'manja.

Dzina lenilenilo ndi lobwereka. Akatswiri a mbalame amati mkuluyu si tsekwe weniweni, koma wa m'banja la Tadorninae, abakha akuluakulu okhala pakati pa bakha ndi tsekwe. Iye alibe nazo ntchito. Amayenda chotukula khosi, miyendo yapinki, bwalo lofiirira kuzungulira diso, banga la khofi pachifuwa ngati mendulo ya msilikali wopuma ntchito. Kulemera kwake ndi makilogalamu awiri okha kapena kuposa pang'ono, koma mukampeza pamadzi mumapatuka ndinu.

Nkhani ya nyumba ndiye muleke. Nantchengwa amatha masabata ambiri akututa timitengo, udzu ndi matope, kumanga chisa chachikulu pamphanda ya mtengo. Atsekwe amangofika, n'kukhala pamwamba pake, n'kuyala nthenga zawo. Lendi salipira, chikalata sasaina, ndipo mwini nyumba akabwera kudzafunsa amalandira mapiko kumaso. Anthu a ku komboni ya Makululu amene tulo timawathawa mwezi ukamatha, kodi mphunzitsi woposa ameneyu mudzampeza kuti? Ana akaswedwa, patatha masiku pafupifupi 30 mayi akufungatira, sawanyamula. Makolo amaitana ali pansi, tiana todzala ubweya n'kumadzigwetsa kuchokera mumtengo, kudzuka, ulendo wa kumadzi. Mwana wa atsekwe sadziwa kuberekedwa kumbuyo.

Banja lawo nalo n'losiririka. Akakwatirana nthawi zambiri amakhala mpaka imfa, ndipo chinsinsi chake n'chosavuta: wamkazi ndiye ali ndi mawu. Amakalipa mokweza mpaka tsidya la dambo limamva, pomwe abambo amangotulutsa mpweya mosasa, mawu osatuluka. Ankhoswe sanaitanidwepo.

Alimi othirira tirigu m'nyengo yozizira amadandaula kuti mbalameyi imadya mmera, n'kupondaponda wotsalawo, n'kusiya zitosi. Koma manyowa aulere pa mtengo wa fetereza wa masiku ano, munthu n'kudandaula? Ndipo chaka chilichonse imapita patchuthi. Nthenga zouluka nazo zimathothoka zonse nthawi imodzi, ndiye imakakhala pamadzi akuluakulu pafupifupi mwezi osauluka, munda n'kupumako.

Aigupto akale ankaipatsa ulemu ndi kuijambula m'manda mwawo, koma ine ndimaigwadira pa chifukwa china. Chigaza chomwe chinafukulidwa mumgodi wa ku Kabwe uja, wa Broken Hill, mu 1921 chinatengedwa kupita ku London, ndipo boma la Zambia lapempha mobwerezabwereza kuti chibwerere, chikadali komweko. Atsekwe sanalembe kalata. Azungu anawatenga okha kuti azikongoletsa maiwe a anthu olemera, iwo n'kuthawa, kuswana, kulanda zisa ndi kudetsa udzu wa m'mapaki a London yemweyo. Mu 2017 European Union inawaika pa mndandanda wa zamoyo zachilendo zosafunika, ndipo mpaka pano sanasamuke.