Ine Ndimaseka George, Mayi a Kunyumba Amaseka Ine

Mu 1991 wailesi yakanema ya NBC ku America inaonetsa sewero la mphindi zopitirira pang'ono 20 lomwe simunachitike kanthu. Jerry, George ndi Elaine alowa mu lesitilanti ya Matchaina ku New York, auzidwa kuti adikire pang'ono tebulo lipezeka, ndiye adikira. Basi, nkhani yonse ndi yomweyo. Anthu obwera pambuyo pawo akulandiridwa n'kukhazikidwa pansi. George akulimbirana foni yapakhoma ndi anthu osawadziwa. Elaine njala yamupweteka mpaka Jerry akumulonjeza madola 50 akalimba mtima n'kukatola chakudya m'mbale ya eni ake. Atatopa anyamuka kumapita, ndipo chitseko chitangotsekeka, wolandira alendo aitana dzina lawo. Mabwana a NBC ataona zimenezi anagwira mutu, moti gawoli analisunga kaye m'kabati asanalole kuti lioneke. Lero ndi limodzi mwa magawo omwe anthu amawatchula akamakamba za Seinfeld.

Seinfeld analipeka ndi anthu awiri, Jerry Seinfeld ndi Larry David. Linayamba mu 1989 n'kutha mu 1998, magawo 180. Ndiye kuti linabadwa, kukula, mpaka kuikidwa m'manda ife kuno tisanakhale ndi wailesi yakanema yathuyathu, poti TVM inatsegulidwa mu 1999. Ine ndinalipeza mochedwa, pa laputopu yomwe alamu anga anandisiyira ngati chikole cha ngongole. Ngongoleyo sitiikambanso. Iwo amaopa kuti ndiwakumbutsa za ndalama, ine ndimaopa kuti andikumbutsa za laputopu, ndiye tikakumana timangokamba za mvula.

Tsiku lomwe mayi a kunyumba anakhala pansi kuonera nane, anapirira kwa kanthawi kenako anafunsa: "Bambo a Chikondi, kodi anthuwa seweroli ayamba nthawi yanji?" Sindinawadabwe. Ife tinaleredwa ndi masewero okhala ndi phunziro. Pa Tikuferanji kapena m'masewero a pawailesi, munthu akalakwa timadziwa kuti kutsogoloku kuli amfumu, abusa kapena adokotala omwe amukhazike pansi. Wolakwa aweramitsa mutu, apepesa, nyimbo ilira, tonse tikagona titalangizidwa. Sindikunyoza, masewero amenewa atithandiza pa zambiri. Koma Larry David anaika lamulo kwa olemba ake kuti m'sewero lawo musapezeke kukumbatirana ndipo pasapezeke wophunzirapo kanthu. Munthu akayamba gawo ali wodzikonda, alimalize ali wodzikonda, sabata yamawa abwerenso ndi kudzikonda kwatsopano. Nditamva za lamuloli mtima wanga unakhala m'malo, chifukwa aka kanali koyamba kuona anthu a pakanema akukhala momwe ine ndakhalira zaka zonsezi.

Chomwe chimaseketsa m'seweroli ndi malamulo omwe sanalembedwe paliponse koma aliyense amakuweruza nawo. Malamulo a dziko ali ndi zigawo ndi manambala, maloya amawerenga n'kumadyerapo. Koma ndani analemba kuti dzanja la munthu ulisiye pakatha masekondi angati popatsana moni? Mphatso yomwe wapatsidwa, kodi n'kulakwa kuikutanso n'kukapatsa wina? Nanga munthu woyankhula atakuyandikira mpaka mpweya wake ukukuwomba pamphuno, umamuuza bwanji? Olemba Seinfeld ankatola timilandu totere n'kutizenga mwaulemu wonse, ndi mboni zomwe.

Taonani gawo lina la mu 1993. George waperekeza chibwenzi chake ku Detroit kumaliro a azakhali ake a mtsikanayo. Sikuti wagwidwa ndi chisoni ayi. Akufuna aoneke munthu wabwino, komanso akusakasaka kalata yotsimikiza imfa kuti kampani ya ndege imuchotsereko mtengo wa tikiti. Ali pakati pa anamfedwa, atenga tchipisi, asunsa mumsuzi wa anthu onse, aluma, n'kusunsanso chotsalacho. Mlongo wake wa mtsikana uja amuona. Ndewu inabuka pompo, pamaliro, chifukwa cha kusunsa kawiri.

Azungu amaseka pamenepa poganiza za majeremusi. Ine ndinaseka chifukwa ndakhalapo pabwalo la maliro nsima itafika, amuna titazungulira mbale imodzi ya ndiwo, ndipo mwatsala nthuli imodzi. Pamenepo m'pomwe umadziwira anthu. Aliyense amasunsa m'mbalimbali, kuizungulira nthuliyo ngati ili ndi khonsolo yake. Amene aitenge akambidwa mpaka pa sadaka. Amene aisiye agona akuiganizira. Ine ndili ndi njira yanga yomwe ndakhala ndikuigwiritsa ntchito mosalephera: ndimafunsa mkulu wa pagululo funso lalitali, monga la mtengo wa feteleza, ndipo onse akatembenukira kwa iye, dzanja langa limagwira ntchito. Ndinkayesa kuti ndi nzeru za ine ndekha. Kuona munthu wa ku New York akuvutika ndi mayesero omwewo kunanditonthoza kuposa ulaliki wa pamalirowo.

Aliyense woonera Seinfeld amadziyesa Jerry: waukhondo, wanthabwala, woima pambali n'kumaseka zopusa za anzake. Inenso ndinkadziyesa Jerry mpaka usiku womwe mayi a kunyumba analoza pa laputopu n'kunena kuti, "Koma wadazi uyu ndi inu ndendende." Wadaziyo ndi George Costanza, yemwe amaseweredwa ndi Jason Alexander. Wamfupi, woumira, wamantha, ndipo bodza amalinena ngakhale pomwe chilungamo chikanamuthandiza. Amakonda kunamizira kuti ndi katswiri wojambula mapulani a nyumba. Tsiku lina anakwiya kuntchito, anawalalatira abwana n'kusiya ntchito, kenako atafika kunyumba n'kuzindikira kuti alibe kolowera, Lolemba anangobwerera n'kukhala pamsonkhano ngati sipanachitike kanthu. Imeneyi si yopeka: Larry David mwiniwake anachitadi zimenezi pomwe ankalembera pulogalamu ya Saturday Night Live. George yemweyo anatulukira kuti ukamaoneka wokwiya nthawi zonse, anthu amaganiza kuti ntchito yakuchulukira. Anafika mpaka poitana kalipentala kuti amukonzere pogona pansi pa desiki ya mu ofesi.

Ndinatsutsa mwamphamvu kuti sindifanana naye. Ndinatsutsa ndili ndi fayilo m'chikwama yomwe ndimayenda nayo m'makhonde a kuntchito, nkhope itakwinyika, masitepe achangu. Mufayilomo muli risiti ya magetsi ndi pulogalamu ya ukwati wa msuweni wanga. Abwana akandiona amati, "Achimwene, musadzipanikize kwambiri." Ndimayankha ndi kupuma kwakukulu.

Kuumira kwa George kunafika pachimake mu 1996. Pokonzekera ukwati wake ndi Susan, anasankha maenvelopu otchipitsitsa m'sitolo. Guluu wake anali wapoizoni, Susan ananyambita ambirimbiri, n'kumwalira. Dokotala atawauza, anzake aja anangoti kukhosi khekhe, kenako anapita kukamwa khofi. Anthu ambiri ku America anakhumudwa ndi gawo limeneli. Kunyumba kwathu sipanakhale wokhumudwa, kungoti mayi a kunyumba anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa komwe ndinagula mafuta ophikira a m'botolo lopanda chizindikiro aja.

Ena amati sewero lotere n'lopanda pake chifukwa silikamba nkhani zikuluzikulu. Ine ndimawafunsa kuti nkhani zikuluzikuluzo zimawachitikira kangati. Ukwati umachitika kamodzi, kwa ena kawiri. Kubadwa sukumbukira, imfa yako sudzaionera. Masiku ena onsewo umathera pamzere wa kubanki, kudikira chenji kwa kondakitala yemwe akunamizira kuti wakuiwala, kuyesa kukumbukira dzina la munthu yemwe wakukumbatira pamsika akukutchula dzina la kusukulu. Ngati khalidwe la munthu lili penapake, lili pamenepo. Ambiri a ife sitidzapatsidwa mpata woba mabiliyoni a boma, ndiye sitidziwa ngati tikanaba. Koma mpata wolowerera pamzere timaupeza tsiku lililonse, ndipo mayankho ake timawadziwa.

Komanso musanamizidwe kuti kulemba za zinthu zopanda pake n'kophweka. Olembawo ankapatsa aliyense mwa anayiwo (Jerry, George, Elaine ndi mnzawo Kramer) kankhani kake, tinkhani tooneka ngati tosakhudzana, kenako n'kutigundanitsa kumapeto. M'gawo lina la mu 1994, Kramer akupita kugombe kukamenyera timipira ta gofu m'nyanja, popanda chifukwa. Kwina George wanamiziridwa kwa mkazi kuti ndi katswiri wa zamoyo za m'nyanja, ndipo wavomera bodzalo. Akuyenda ndi mkaziyo pagombe, apeza gulu la anthu lazungulira namgumi yemwe akulephera kupuma, ndipo wina afuula kufunsa ngati pali katswiri wa zamoyo za m'nyanja. George alowa m'madzi, poti bodza likakufikitsa pamenepo kubwerera kulibe. Chomwe anachotsa pabowo lopumira la namgumiyo n'kampira ka gofu ka Kramer. Mpaka pamenepo woonera sadziwa kuti ulusi unali umodzi.

Pali zina zomwe sindigwirizana nazo. New York wa m'seweroli ndi wodabwitsa: mzinda wodzaza mitundu yonse, koma anthu akuda amangodutsamo mwa apo ndi apo. Ndiponso anthuwa sadandaula za fizi kapena lendi. Kramer alibe ntchito yodziwika koma amakhala ku Manhattan, amalowa kwa Jerry osanena odi, n'kulunjika kufiriji. Za kulowa osanena odi ndazimvetsa, mdadada uliwonse uli ndi Kramer wake, wathu amabwera nthawi yopakula ndi funso la mpira. Chomwe sindimvetsa ndi firiji yomwe imapezeka ndi chakudya tsiku lililonse ngakhale pa 27.

Gawo lomaliza linaonetsedwa pa 14 May 1998, ndipo anthu pafupifupi 76 miliyoni anaonera. Anayi aja ali m'katauni kena ku Massachusetts aona munthu akulandidwa galimoto ndi wachifwamba. M'malo mothandiza, akumuseka chifukwa cha kunenepa kwake, Kramer akujambula. Awamanga pa lamulo lokakamiza anthu kuthandiza mnzawo ali pamavuto. Kukhothi kubwera mboni zochokera m'zaka zonse za seweroli, aliyense yemwe anamulakwira: wogulitsa supu wina wolusa, mayi wokalamba yemwe Jerry anamulanda buledi pamsewu, ndi ena ambiri. Woweruza awapatsa chaka chimodzi kundende. Ali m'chitokosi, Jerry ayamba kudandaula za pomwe pali batani lachiwiri pamalaya a George, nkhani yomwe anayambira nayo mu 1989. Oonera ambiri anakwiya ndi mathero amenewa. Ine ndikuganiza kuti anakwiya chifukwa kwa zaka zonsezo ankaseka limodzi ndi anayiwa, ndiye chigamulocho chinawakhudza nawonso. Chomwe chinandisowetsa tulo ndi mndandanda wa mboni zanga zitati ziitanidwe: mayi wa tomato yemwe ndimamupempha basela ndikagula mulu umodzi, anthu onse omwe ndinawaimbira foni n'kudula isanayankhidwe kuti aimbe okha, ndi mkulu uja wa feteleza.

Pali gawo limodzi lokha lomwe ndinayesa kulitsatira. Mu 1994 George anaganiza kuti popeza maganizo ake onse amamulowetsa m'mavuto, azichita zosemphana ndi chilichonse chomwe mtima wamuuza. Anapita kwa mkazi wokongola n'kumuuza mosabisa kuti sali pantchito ndipo amakhala ndi makolo ake. Mkaziyo anamukonda. Anakalalatira mwini timu ya New York Yankees pamaso, ndipo anamulemba ntchito. Pofika kumapeto kwa gawolo anali atasamuka kwa makolo ake.

Ndinati nanenso ndiyese. Mtima wanga, kuyambira tsiku la ukwati, wakhala ukundiuza kuti malipiro enieni a mwamuna ndi chinsinsi cha iye ndi ofesi ya zachuma. Ndiye madzulo ena, tikumwa tiyi, ndinatulutsa kapepala ka malipiro n'kukaika patebulo. Mayi a kunyumba anavala magalasi, anawerenga mzere uliwonse, anafunsa tanthauzo la alawansi ina yomwe anali asanaimvepo, kenako anapinda kapepalako bwinobwino n'kukaika m'Baibulo. Khadi la kubanki linasamukira m'kachikwama kawo usiku womwewo. Tsopano m'mawa uliwonse ndimalandira ya minibasi yopita ndi yobwerera, yowerengedwa pamtengo wa tsikulo, ndipo madzulo ndisanavule nsapato ndimafunsidwa ngati kondakitala anabweza chenji.