Walira Porsche Walira Matayala

Akuluakulu amene adati walira mvula walira matope sadaonepo Porsche, koma mwini Porsche adamudziwa mpaka mumtima. Munthu ameneyu amalira mvula kwa zaka zambiri. Amasunga ndalama, amadzimana, usiku amalota injini ikubangula, mpaka tsiku lina pakhomo paima galimoto yofupika ngati kamba koma yothamanga ngati gwape. Pakangopita chaka chimodzi kapena ziwiri, matayala akumbuyo achita dazi, wogulitsa watchula mtengo wa atsopano, ndipo bwana uja, amene mawu ake ankamveka kutsidya kwa msewu, wayamba kufunsa monong'ona ngati palibe ena otsikirako. Alipo, ndipo sasowa. Ndi akuda, ndi ozungulira, manambala a m'mbali akufanana ndi akale aja, mtengo wake ndi theka. Apa ndi pamene mwambi uja umakoka mpando n'kuyamba kuseka, chifukwa mkuluyu akufuna mvula yogwa m'munda mokhamokha, yosanyowetsa njira yopita kutchalitchi. Mvula yotere kulibe, ndipo pa galimoto yaliwiro matope ake pafupifupi onse adaunjikana pa tayala. Munthu angasankhe mtundu wa matope amene apondemo, koma kuti asaponde konse, imeneyo ndi nthano.

Injini imene mwini wake amaitamanda pamowa, mabuleki ofiira amene amaonetsa alendo, mipando yachikopa imene salola mwana kudyerapo chimanga, zonsezi zimakumana ndi msewu pa tizigamba tinayi ta mphira, kalikonse kukula kwake ngati chikhatho cha munthu wamkulu. Mabuleki amangogwira wilo, woimitsa galimoto ndi tayala, nalonso ngati lavomera. Chiwongolero si lamulo ayi, ndi pempho, longa la mkamwini kwa apongozi: amayankhula n'kudikira yankho. Pokhota, tayala limapotoka pang'ono, mphira wake n'kukokeka, ndipo mphamvu yotembenuza galimoto imachokera m'kupotokako. Tayala la nthiti zolimba limayankha pomwepo, pamene la nthiti zofewa limayamba laganiza kaye, ngati mfumu imene yati mlanduwu tiuonanso mawa. Matayala akutsogolo akatopa msanga, galimoto imakana kukhota n'kulunjika kutchire ngati ng'ombe yokana goli, zimene akatswiri amati understeer. Akayamba kutopa akumbuyo, mchira umafuna kupitirira mutu, ndiye oversteer imeneyo, ndipo woyendetsa amaona kumene akuchokera pa galasi lakutsogolo. Amene akukayika za ufumu wa tayala akumbukire za pa 19 Juni 2005 ku Indianapolis, pa mpikisano wa Formula One. Matayala a Michelin adalephera kupirira kona imodzi yaliwiro ya bwalolo, ndipo magalimoto 14 mwa 20 adangozungulira kamodzi n'kukalowa m'magalaja mpikisano usanayambe. Adathamanga ndi 6 okha a matayala a Bridgestone, oonerera akuponya mabotolo m'bwalo chifukwa cha mkwiyo. Mainjini a magalimoto 14 aja adali bwinobwino, madalaivala adali okhuta, koma mphira adakana.

Wotsutsa woyamba amaloza manambala. Akale adalembedwa 225/45 R17, atsopanowa alembedwanso 225/45 R17, nanga vuto lili pati? Vuto ndi lakuti manambalawo amangonena msinkhu: tayala ndi lotambalala mamilimita 225, nthiti zake kutalika kwake ndi magawo 45 pa 100 a kutambalalako, ndipo limavala limu ya mainchesi 17. Jombo ya mpira, gambutsi ndi patapata zonse zikhoza kukhala saizi 8, koma palibe mphunzitsi wa timu amene amatumiza wosewera m'bwalo atavala patapata poti saizi ndi yomweyo. Zimene manambala sanena ndi zimene zimaphikidwa mkati: msanganizo wa mphira, mawaya achitsulo, kulimba kwa nthiti, kajambulidwe ka mano. Chilembo chotsatira manambalawo chimaululako pang'ono, poti H amalola makilomita 210 pa ola, V amalola 240, W 270 ndipo Y 300. Kuyambira 2012 matayala ogulitsidwa m'maiko a European Union amamatidwa chikalata chosonyeza momwe amagwirira msewu wonyowa, ndipo pa liwiro la makilomita 80 pa ola, kusiyana kwa gulu lapamwamba ndi lapansi kumafika mamita pafupifupi 18 galimoto isanaime. Mamita 18 ndi magalimoto anayi ondondozana. Ndi mtunda umene umasiyanitsa nkhani yoseketsa anzako madzulo ndi nkhani yokafotokozera apolisi.

Wachiwiri ndi wochenjera, ndipo mfundo yake ili ndi nyama. Iye amati zonsezi ndi chiwembu cha makampani. Porsche imafuna matayala olembedwa N0, N1 ndi ena otero, BMW imaikapo nyenyezi, Mercedes-Benz imalemba MO, ndipo chizindikiro chilichonse chimabwera ndi mtengo wake ngati chiphaso cha kumanda. Tivomereze kuti makampaniwa si a mpingo wothandiza osauka, ndiponso kuti chilembo si chithumwa. Tayala labwino la makono lopanda chizindikiro likhoza kuposa lakale lokhala nacho, ndipo dzina lotchuka nalo limagwa, monga adaonera a ku Indianapolis. Komabe chilembocho chili ndi chimene chikunena. Porsche 911 idanyamula injini kumbuyo kwenikweni, kupitirira mawilo akumbuyo, kotero kuti kulemera kwake pafupifupi magawo 60 pa 100 kuli kumchira, ngati mayi wobereka mwana wazaka zisanu amene akukana kutsika. Galimoto yotere imafuna matayala akumbuyo otambalala kuposa akutsogolo, ndipo mainjiniya adayesa masipuling'i, mashokabu ndi makompyuta ake ali pa tayala lodziwika. Kusintha tayalalo n'kololedwa, palibe amene amangidwa, koma n'chimodzimodzi kusintha woimba ng'oma pakati pa gule: ovina ndi omwe aja, nyimbo ndi yomwe ija, koma mapazi ayamba kupondana.

Choipa kwambiri si kugula otchipa anayi, koma kugula awiri. Thumba likapepuka, mwini galimoto amagula awiri atsopano a mtundu wina n'kusiya awiri akale, ndipo nzeru zake zimamuuza kuti atsopanowo apite kutsogolo, poti ndi kumene kuli chiwongolero. Opanga matayala amalangiza zosemphana ndi zimenezi: pamene misinkhu ikulola, atsopano azipita kumbuyo, chifukwa mutu ukaterereka dalaivala wamba amangochotsa phazi pamoto galimoto n'kubwerera m'njira, pamene mchira ukaterereka pamafunika manja a katswiri ndi mapemphero a agogo. Galimoto ya matayala osakaniza ili ngati banja limene bambo akupita kumaliro pamene mayi akupita kuchinkhoswe, onse pa njinga imodzi. Ngakhale mpweya wokha umasintha khalidwe la galimoto. Chevrolet Corvair ya m'ma 1960, imenenso idali ndi injini kumbuyo, inkafuna mpweya wa 15 psi kutsogolo ndi 26 kumbuyo. Wopopa wachilungamo, wosakondera tayala lililonse, akawapatsa onse mofanana, mchira unkayamba chipongwe. Galimotoyi ndi imene Ralph Nader adayamba nayo buku lake la Unsafe at Any Speed mu 1965, ndipo ngakhale kafukufuku wa boma la America adadzaipeza yosaipa kuposa anzake a nthawiyo, mbiri yake idali itaipa kale.

Tsono pali munthu wina amene wamva zonsezi n'kuthamangira mbali inayo, ndipo ameneyu ndiye wondisangalatsa kwambiri, chifukwa amadziona ngati wophunzira. Iye amati ngati tayala ndi mfumu, tilonge ufumu tayala lomata kuposa onse, lotambalala kuposa onse, pa limu yaikulu kuposa zonse. Amagula la pabwalo la mpikisano, la mano osaya, mphira wake wofewa ngati phula la njuchi. Pa tsiku ladzuwa galimoto imakakamiradi msewu ngati nkhupakupa. Koma uyu walira dzuwa, ndipo mvula yeniyeni ikagwa, mwambi uja umagwira ntchito osafunanso womasulira. Mano a tayala ndi ngalande zothamangitsira madzi. Akakhala osaya, tayala lili lotambalala, madzi amasowa kothawira, tayala limakwera pamwamba pawo, ndipo galimoto ya madola zikwizikwi imasanduka bwato lopanda nkhafi. Mphira womata amathanso msanga, poti kumata kwakeko ndi kudzisiya pamsewu pang'onopang'ono. Tayala lotambalala limakonda kutsatira mikwasa ya malole, chiwongolero n'kumakoka uku ndi uku ngati mbuzi yopita kumsika. Nthiti zazifupi zimayankha msanga, inde, koma zikakumana ndi dzenje zimapereka uthengawo ku limu ndi ku msana wa dalaivala popanda kuchotsapo liwu ngakhale limodzi.

Chodabwitsa n'chakuti ngakhale pouma, kumata kochuluka sindiko kukoma. Mu 2012 Toyota 86, pamodzi ndi mapasa ake Subaru BRZ, idatuluka itavala Michelin Primacy HP a 215/45 R17, matayala amene ankapezekanso pa Prius, galimoto yodziwika ndi kusunga mafuta ndi kusakwiya pamsewu. Okonda liwiro adaseka mpaka misozi, koma gulu la Tetsuya Tada, injiniya wamkulu wa galimotoyo, lidachita dala. Linkafuna galimoto imene imayamba kuvina pa liwiro loti munthu akhoza kulisamala, imene imachenjeza isanaterereke. Mazda MX-5 yoyamba ya 1989, yosakwana tani imodzi, inkayenda pa timatayala ta 185/60 R14, ndipo mpaka lero anthu amaiimbira m'manja. Ivekeni galimoto yotere matayala omata kwambiri, idzazungulira bwalo mofulumira, wotchi idzavomereza, koma idzakhala ngati mnzanu wanthabwala amene wakwezedwa pantchito: wachita bwino, kungoti sasekanso. Ndipo tsiku limene matayala otere adzataye msewu, adzautaya pa liwiro lalikulu, mosapereka moni.

Wachitatu pa otsutsa ndi wofatsa, amene amati iye sathamanga, galimoto yake imatuluka Lamulungu lokha, matayala ake akadali ndi mano ngati atsopano. Apa nthabwala zichepe pang'ono. Mphira amakalamba ngakhale atakhala pamthunzi, amauma ndipo amasiya kugwira, mano ali chiimire. M'mbali mwa tayala muli manambala anayi, pambuyo pa zilembo za DOT, onena sabata ndi chaka chimene lidapangidwa: 2319 ndiye kuti sabata ya 23 ya 2019. Opanga magalimoto ena amati pakatha zaka 6 tayala lichoke, ndipo Michelin imati lisapitirire zaka 10. Pa 30 Novembala 2013 ku Santa Clarita, California, Porsche Carrera GT idawomba mitengo ndi mzati n'kupha Roger Rodas, amene ankayendetsa, ndi katswiri wa mafilimu Paul Walker. Ofufuza adati chidachititsa ndi liwiro, pakati pa makilomita 130 ndi 150 pa ola pa msewu wa mtauni, koma adalembanso kuti matayala ena a galimotoyo adali a zaka pafupifupi 9. Galimoto yoyenda kamodzikamodzi ndi imene imasunga matayala okalamba, poti mwini wake amayang'ana mano n'kukhutira. Kwathu kuno nkhaniyi imafika pa sitima, chifukwa magalimoto ogwiritsidwapo kale ntchito ochokera ku Japan nthawi zina amabwera atavala matayala a nyengo ya chisanu, ofewa, opangidwira chipale, ndipo amayembekezeka kupirira phula la ku Chikwawa mu Okutobala.

Wina anena kuti masiku ano kuli makompyuta, kuli ABS, kuli zida zogwira mchira usanathawe. Zilipodi, ndipo zapulumutsa anthu ambiri. Koma kompyuta ndi mayi wogawa nsima: amadziwa kugawa mwachilungamo, amadziwa mwana amene akufunika mtanda waukulu, koma sangagawe zimene mumphika mulibe. Imachepetsa moto, imatsina buleki ya wilo ili kapena ilo, kenako imayatsa kanyali kachikasu kophethira, kamene tanthauzo lake ndi lakuti ine mbali yanga ndachita, kafunseni amene adagula matayala. Ndipo mwini 911 yamakono akaponda msomali, asavutike kufunafuna tayala la sipeya, chifukwa mulibe: akutsogolo ndi akumbuyo ndi osiyana misinkhu, malo ndi ochepa, kulemera kulikonse ndi mdani. Opanga galimotoyo adamuikira kabotolo ka guluu ndi kapampu kamagetsi. Ngati dzenje lang'amba nthiti za tayala, kabotoloko sikathandiza kanthu, ndipo mkulu uja amaima m'mphepete mwa msewu, foni kukhutu, akudikira lole yodzanyamula, mvula ikuwaza, nsapato zake za ku Italy zikumira pang'onopang'ono.